Kangolo Kamene Amayi Anakana Kukwera

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo mutu wanga unali wodzaza ndi mawilo. Atsikana anzanga ankajambula maluwa kumapeto kwa makope awo, ine ndinkajambula mawilo, aang'ono ndi aakulu, ena olumikizidwa ndi zitsulo zimene sindinkadziwa n'komwe mayina ake. Aphunzitsi atandipezerera tsiku lina anati, "Felista, iwe ukadzakula udzakwatiwa ndi njinga." Kalasi yonse inaseka, nanenso ndinaseka, koma kujambulako sindinasiye.

Matendawa ndinakawatenga ku Chileka. Ababa ankagwira ntchito yonyamula katundu pabwalo la ndege ndipo ankakhala komweko m'kanyumba ka lendi. Kumudzi kwathu, kuseri kwa Lirangwe, ankangobwera kumapeto kwa mwezi. Tchuthi china ananditenga kuti ndizikawaphikira. Masana ndinkapita kukaima pampanda wa waya limodzi ndi ana ena, kudikira ndege. Anzangawo ankayang'ana kumwamba. Ine ndege ikatera maso anga ankatsikira pansi pake, pamene pankadutsa kathirakitala kakukoka tingolo ta masutikesi, titatu kapena tinayi, tikutsatana mwaulemu ngati ana a bakha. Dzuwa likatenthetsa phula, mpweya unkavina pamwamba pake, ndipo tingolo tija tinkaoneka ngati tikuyenda pamadzi. Palibe chimene chinkagwedezeka, palibe chimene chinkagwa. Ndinkati mumtima, anthu awa sutikesi amainyamula bwino kuposa m'mene kwathu timanyamulira munthu wodwala.

Maganizo amenewa anali ndi pochokera. Zaka ziwiri m'mbuyomo amayi anachoka pakhomo m'mawa wina ali ndi pakati, atatopa kale, limodzi ndi mnzawo wa khomo loyandikana ndi lathu, Abiti Sumani. Anayenda wapansi, ndipo kuchokera kwathu kukafika kuchipatala pa Lirangwe unali ulendo wa maola awiri kwa munthu wabwinobwino. Madzulo anabwerako, amayi atatsamira paphewa la mnzawo, kumsana kulibe kanthu. Palibe amene analira mokweza, palibe amene anandiuza chilichonse, poti maliro a khanda lotere amakhala a amayi akuluakulu okhaokha. Ndinadzamva patapita masiku, ndikutsuka mbale kuseri kwa khitchini, kuti mwanayo anabadwira panjira, pansi pa mlambe wa pamphambano, ndipo anabwerera pomwepo. Kuyambira pamenepo ndikafika pamlambe uja ndinkadutsa chothamanga.

Tsono nditabwerako ku Chileka kuja ndinaona kuti amayi ayambanso kumangira chitenje m'mwamba, kudya dothi la pachulu ndi kupuma kawiri pochokera kumjigo. Ndinadziwa. Koma kudziwa kwa mwana pa nkhani imeneyi kumathera mumtima. Mwana safunsa mayi ake za mimba, ngakhale itakula chotani. Ukafunsa amakuyankha kuti akhuta mbatata, kenako amakunena kuti ndiwe wopanda mwambo. Choncho ndinatseka pakamwa n'kutsegula kope, ndipo ndinalumbira ndekhandekha kuti mwana uyu yekha sadzabadwira pansi pa mtengo.

Zinali zaka zoyambirira za matipate, nthawi imene aliyense ankaona ngati chilichonse n'chotheka. Atsikana a m'tauni anali atayamba kuvala mathalauza, kusukulu tinali titachuluka mpaka ena tinkaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo pawailesi nkhani inali chitukuko chokhachokha. Nanenso ndinati chitukuko changa chiyambira pakhomo. Ndinajambula kangolo ka mawilo awiri, kokokedwa ndi njinga, kokhala ndi bedi lathyathyathya loti munthu agonepo atawongoka. Pamwamba ndinajambula denga la nsalu yotsika mbali zonse, yoteteza dzuwa ndi fumbi. Ndinawonjezera belu loti anthu azipatuka. M'kalasi, aphunzitsi akulemba pabolodi, ine ndinkaona amayi atagona m'menemo phee, kangolo kakuyandama pamwamba pa miyala ya njira yathu, ine ndikupalasa, anthu akuloza n'kumati, "Mwana wa a Makwinja uja." Sindibisa, kulozedwa kumeneko kunkandikomera kwambiri.

Amalume a Layisoni, mlongo wawo wa amayi, anali ndi kashedi kowotcherera zitsulo pa Lirangwe, kuseri kwa msika. Ankapanga mafelemu a mawindo ndi mbaula, komanso kulumikiza njinga zothyoka. Anali munthu wa mawu ochepa, maso ofiira nthawi zonse chifukwa cha moto wa ntchito yawo. Loweruka lina ndinawapititsira kope lija. Analiyang'ana nthawi yaitali, analitembenuza chadodolido, n'kulibwezanso.

"Ndiye chimenechi n'chani, abwana injiniya?"

"Ambulansi ya njinga, amalume. Yonyamulira odwala."

"Odwala ake ati?"

"Aliyense amene angadwale."

Anandiyang'ana, nane ndinawayang'ana. Tonse tinkamudziwa wodwala wake, ndipo tonse sitikanatha kumutchula, ine chifukwa ndinali mwana, iwo chifukwa mwamuna salowerera nkhani yotere ya mlongo wake. Anakanda m'mutu n'kuloza mulu wa zitsulo zakutha kuseri kwa shedi. Anati ndisankhe ndekha, ndiyeze ndekha, ndicheke ndekha, iwo aziwotcherera pamene ine ndaloza basi.

Kwa miyezi iwiri, Loweruka lililonse ndinkalawirira ku Lirangwe mame asanaume. Ndinapeza felemu ya bedi lakale lachitsulo, mawilo awiri a njinga zakufa, ndi mapaipi opindika amene ndinawawongola ndi hamala pamwala. Sowo inanditulutsa matuza m'manja mpaka amayi anafunsa ngati amalume akundilimitsa. Ndinawayankha kuti ndikuthandiza kusesa. Fungo la chitsulo chopsa ndimalimvabe ndikatseka maso, losakanikirana ndi la mafuta a pachiwaya cha tchipisi chimene chinali pafupi ndi shedi. Amalume akamawotcherera ankandiuza kuti nditembenuke, koma ine ndinkasuzumira pakati pa zala, kuona tinyenyezi tikugwa n'kumazima m'fumbi. Pobwerera kunyumba njira yonse ndinkaona timadontho tobiriwira tikuyandama pamwamba pa minda.

Chimene ndinkanyadira koposa chinali belu. Ndinadula chidutswa cha paipi yaikulu n'kuchipachika pambali, kenako ndinamangirira bawuti pa sipoko imodzi, kuti wilo likazungulira kamodzi bawutiyo izimenya paipi. Belu lodziimba lokha! Amalume anavomereza kuti zimenezo anali asanazionepo. Penti yoyera inali yotsalira pa mawindo a munthu wina, ndipo nsalu ya bafuta anabweretsa ababa, amene ankaganiza kuti ndi ya phunziro la zosokasoka kusukulu.

"Zoyera zokhazokha?" amalume anafunsa ine ndikupaka.

"Ambulansi imakhala yoyera, amalume. Ndege nazonso n'zoyera."

"Chabwino. Kusukulu mukupita ndinu."

Tsiku loyesa ndinatenga Patuma, mwana wa Abiti Sumani, mnzanga wa ponda apa nane m'pondepo. Anagona pabedi paja, ine n'kutsitsa nsalu mbali zonse. Mapazi okha ndi amene anatulukira kumbuyo, poti bedi ndinaliyeza ndi msinkhu wanga ndipo Patuma anali wamtali. Ndinamangirira kangolo kunjinga ya amalume n'kuyamba kupalasa. Kanali kolemera kuposa m'mene ndinkaganizira, choncho ndinkayenda pang'onopang'ono, ndipo belu langa, m'malo mochita phokoso lopatutsa anthu, linkangolira mwa apo ndi apo: ngoo, ngoo, ngoo.

Woyamba kukumana naye anali bambo wina wa panjinga, atanyamula makala. Atationa anatsika, anaima pambali pa msewu n'kuvula chipewa. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Pamsika amayi ogulitsa tomato anasiya kuitanira malonda, ena anagwada, ena anakhala pansi. Abambo a pabawo anaimirira. M'golosale ina munthu anazimitsa wailesi. Ine ndinawongola khosi ngati ndikutsogolera mdipiti wa pulezidenti, ndipo ndinkati mumtima, anthu a kwathu kuno chinthu chabwino amachidziwa. Nsalu yanga inali mbee padzuwa, kamphepo kakuikupiza pang'ono, ndipo ndinayenda njira yonseyo ngati munthu amene akulota, osamva kutopa.

Titapatuka paphula kulowa njira ya kumudzi, ndinaona kuti amayi angapo akutitsatira chapatali, atafunda zitenje kumutu. Mwana wina anathamangira kutsogolo, kudulira m'minda. Pamene tinkafika pakhomo pathu anthu anali atayamba kale kusonkhana, ndipo kumbuyo kwanga mayi wina anayambitsa kulira. Apo m'pamene khutu langa linamva belu lija m'mene ena onse ankalimvera. Linkalira ndendende ngati la kutchalitchi kukagwa maliro.

Abiti Sumani anatuluka m'nyumba mwawo ali ndi chipande m'manja. Anaona mapazi aja, anazindikira nsapato za pulasitiki zimene anamugulira mwana wawo, ndipo kukuwa kumene anakuwa sindidzakuiwala. Anathamanga n'kung'amba nsalu ija. Patuma, amene anali atagona tulo chifukwa cha kukoma kwa ulendo, anatsegula maso, anayasamula, n'kufunsa, "Tafika?"

Ena anathawa, ena anagwa nako kuseka. Abiti Sumani anamukumbatira mwana wawo, kenako anamutibula ndi chipande chomwecho, ndipo chipandecho chinandipezanso ine pamsana. Koma sichinandipweteke. Amene anandipweteka ndi amayi. Anali atakhala pakhonde akuswa mtedza, ndipo sanaseke ngakhale pang'ono.

"Felista, chimenechi wakonzera ndani?"

Ndikanakhala ndi nzeru ndikananama. Koma ulemerero wa njira yonse ija unali udakali m'mutu, ndipo ndinayankha pamaso pa mudzi wonse, "Inuyo amayi. Kuti tsiku lanu likadzafika musadzayendenso wapansi."

Ndinali nditatchula chimene sichitchulidwa, ndipo ndinachitchula nditaima pambali pa chinthu chofanana ndi chonyamulira mtembo. Amayi anaika lichero pansi pang'onopang'ono.

"Ndili moyo, mwana wanga wandikonzera kale chithatha," anatero, osakweza mawu. "Ukundilaula? Chichotse pakhomo panga."

Analowa m'nyumba, ndipo kwa masiku angapo ankangondiyankhula za madzi ndi nkhuni.

Ndinakankhira kangolo kuseri kwa khola la mbuzi n'kukaphimba ndi mapesi. Ndikanakonda kunena kuti ndinachita manyazi, koma zoona zake n'zakuti ndinapsa mtima. Ndinkati umbuli basi. Kangolo kanayenda bwino, sikanagwedeze munthu, mpaka Patuma anagonamo tulo, nanga cholakwa chinali pati? Mtundu wa penti ungaphe munthu? Ndinkayenda nditatupitsa masaya, ndikudzimvera chisoni ngati munthu wanzeru amene wabadwira malo olakwika. Koma mimba ya amayi sinkadikira kuti mkwiyo wanga uthe. Inkakulirakulira, ndipo njira ya ku Lirangwe inali yaitali chimodzimodzi.

Patapita sabata Abiti Sumani anandiitana kuti ndikawathandize kutola nkhuni m'mbali mwa mtsinje wouma. Anali mayi wa lilime lakuthwa, wogulitsa usipa ndi thobwa, ndipo amayi ambiri a m'mudzimo ankaperekezedwa ndi iwo nthawi yawo ikakwana. Titafika poduka mphepo anakhala pamchenga n'kundiuza kuti nane ndikhale.

"Iwe mwana wa mnzanga, tsiku lija unatsala pang'ono kundipha. Manja uli nawo, zimenezo sindikana. Koma safunsa anadya phula."

"Ndikanafunsa ndani? Mwana safunsa zimenezo."

"Amako sungawafunse, eya. Nanga ine ndinamwalira? Nkhani ya mimba safunsa mwini wake, amafunsa womuperekeza."

Kenako anayamba kundifunsa ndi iwo. Kodi ndinaonapo munthu womva m'mimba atagona chagada, atawongoka ngati thabwa? Mayi pa nthawi imeneyo amafuna kukhala chotsamira, mapazi atapondera penapake, manja ali ndi chokoka. Nanga beseni, zitenje, lumo ndi ulusi ndinaziikira malo ati? Anati pamchenga wa pakhwawa la panjira yathu ndinatsika n'kukankha ndekha chifukwa Patuma ndi wopepuka, koma amayi ndidzakankha ndi ndani, popeza woperekeza sindinamupatse pogwira? Zonsezi ndinkazimva, ndipo m'mutu ndinali nditayamba kale kucheka ndi kupinda. Chomaliza ndi chimene chinandigwetsa mphwayi.

"Ndiye belu lakolo. Iwe ukufuna dziko lonse lidziwe kuti uje wanyamuka? Tsiku limenelo munthu amachoka pakhomo ngati akupita kudimba. Si onse okusekerera amene amakufunira zabwino. Wina akadziwa amakamanga mfundo pachitenje, mwana n'kukanirira. Amako mpaka pano amakhulupirira kuti ulendo uja alipo amene anawaona akunyamuka."

"Koma zimenezo si zoona," ndinatero. "Aphunzitsi anati..."

"Aphunzitsi akowo ndi amene adzakwere? Kaya n'zoona kaya n'zabodza, mantha a amako ndi enieni. Ukapanga chinthu choti chiwapulumutse iwo akuchiopa, adzayenda wapansi, kangolo kako kali kuseri kwa khola."

Ndinafunsa kuti ndiye ndipange chotani. Anathyola kamtengo n'kuyamba kutokosa m'mano.

"Upange choti munthu akachiona asacheuke. Chimene anthu atopa nacho kale."

Ndinayenda ndi mawu amenewo masiku atatu. Yankho ndinalipeza m'mawa wina nditaima pamjigo, ndikuona amayi atatu akudutsa atasenza matumba a chimanga. Palibe amene anawayang'ana kawiri. Munthu wopita kuchigayo safunsidwa zambiri, ndipo chigayo cha pa Lirangwe chinali pafupi ndi chipatala, mtunda woti ukhoza kuitana munthu iye n'kumva.

Loweruka ndinabweza kangolo kushedi, nditakaphimba ndi matumba akale. Ndinauza amalume kuti adule denga, achotse belu, ndipo bedi alipinde pakati. Pamene sowo inkadya zitsulo za denga lija ndinalira, misozi yeniyeni, poti ndilo linali lokongola kuposa zonse. Amalume anachita ngati sakuona.

"Ine ndinaona tsiku lomwe lija kuti chikufanana ndi chinachake," anatero patapita nthawi. "Koma ndinati mwina masiku ano kusukulu akuphunzitsa zimene ife sitidziwa."

"Bwanji simunanene, amalume?"

"Unandifunsa?"

Ulendo uno sindinayeze ndi thupi langa. Abiti Sumani anabwera kushedi ngati ongodutsa, atasenza dengu la usipa, anakhala pafelemu paja n'kumalamula kuti apa pakwere, apa patsike, apa payikidwe chopondera, apa chogwirira. Mpando tinauluka ndi malamba odulidwa ku matayala akale, chotsamira chake chopendekekera kumbuyo. Kutsogolo tinasiya malo a thumba, pansi pa mpando tinaika kabokosi kobisika kolowa beseni, ndipo kumbuyo tinawotcherera chitsulo chopingasa choti woperekeza azikankhira pokwera mtunda ndi kugwira potsetsereka. Penti yoyera ndinaipala ndi mwala n'kupakapo zotsalira za m'zitini, yobiriwira apa, yofiirira apo. Chimene chinatuluka chinali chonyansa ndithu, ngati wilibala yakwatiwa ndi mpando wa ndalema.

Amalume anatibwereka njinga yawo yakale, ndipo ndinayamba ntchito ya kuchigayo. Kawiri pa sabata, ndikaweruka kusukulu, ndinkanyamula matumba a makomo oyandikana nafe. Masiku oyamba anthu ankaseka n'kumafunsa ngati maliro aja anauka. Abiti Sumani anali oyamba kukwera, atakhala mwamatama, akupereka moni mokweza kwa aliyense. Kenako anakwera amayi ena odandaula miyendo. Pofika sabata yachinayi ngakhale agalu anasiya kutiuwa. Amayi anakwera kamodzi kokha, mnzawo atawanyodola kuti akufuna kudzionetsa kulimba. Potsika ndinawaona akuyesa chopondera chija ndi phazi, kawiri.

Tsikulo linafika mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, kutentha kwa kwathu kuja koti ngakhale nkhuku zimayenda zitayasamula. Ndinali nditangofika kuchokera kusukulu. Amayi anali ataima pakhomo, atagwira felemu ya chitseko, thukuta lili kamukamu.

"Felista, ufa watha. Tenga njinga."

Ufa unali wodzaza ndowa, ndinali nditagayitsa dzana lake. Sindinafunse. Abiti Sumani anali atalowetsa kale beseni m'kabokosi, ndipo anaika theka la thumba la chimanga kutsogolo, poonekera. Amayi atakhala pampando, Abiti anandigwira khutu n'kunong'ona, "Maso kutsogolo. Chilichonse chimene umve, usacheuke."

Tinadutsa pakati pa mudzi pang'onopang'ono, monga mwa masiku onse. Mayi wina amene ankayanika mphale pamkeka anakweza mutu.

"Kuchigayo dzuwa limeneli?"

"Eee, nanga ana agone ndi njala?" amayi anayankha, mawu ali bwinobwino, mpaka kuseka anaseka. Titangopitirira nyumba yomaliza ndinamva chitsulo chogwirira chikulira m'manja mwawo.

Za ulendo umenewo ndimakumbukira zidutswa zokhazokha, ngati za kumaloto. Ndimakumbukira nyenje zikulira m'mitengo youma, ndi mthunzi wanga utafupika pansi pa njinga. Ndimakumbukira mchenga wa pakhwawa ukugwira mawilo, Abiti Sumani akukankha kumbuyo uku akupemphera m'Chiyao, ndi kupuma kwa amayi, kolemera, kodukaduka. Titayandikira mlambe wa pamphambano amayi anabuula, "Imani pang'ono, nditsike." Miyendo yanga inafuna kumvera, poti mawu a amayi ndinali ndisanawakanepo. Koma Abiti Sumani anakuwa, "Palasa, mwana iwe! Pano sitiimanso!" Ndinaimirira pa mapedalo n'kupalasa, misozi ndi thukuta zikulowa m'kamwa, mpaka ndinamva matayala agunda phula.

Pachipatala anamwino awiri anawatsitsa amayi n'kulowa nawo. Ine ndinafuna kutsatira, koma Abiti Sumani ananditsekereza.

"Iwe pita ukagayitse chimangacho. Tikabwerera nacho chosagaya anthu adzati chiyani?"

Choncho pamene mlongo wanga ankabadwa ine ndinali pamzere kuchigayo, nditakhala pathumba, injini ikugunda mpaka m'chifuwa mwanga, fumbi la ufa likuyandama m'kuwala kolowera pa zibowo za malata. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinangoona Abiti Sumani ataima pakhomo la chigayo, akupukuta manja pachitenje. Anandiyandikira n'kundikuwira m'khutu chifukwa cha phokoso.

"Mlendo wafika. Wamwamuna. Kulira kwake ngati mbuzi yomangidwa. Anamwino akuti tikanachedwa pang'ono..."

Sanamalize, ndipo sindinafune kuti amalize. Ndinagwada pansi pomwepo n'kulira, anthu a pamzere n'kumaganiza kuti andibera chimanga.

Kumudzi nkhani inamveka mwa mtundu wina. Anthu ankati amayi ndi amwayi, matenda anawayamba ali paulendo wa kuchigayo, chipatala chili pafupi. Ababa atabwera kuchokera ku Chileka anathokoza Mulungu, anathokoza Abiti Sumani powapatsa tambala wa nkhuku, ndipo ine anandifunsa za mayeso. Palibe amene anandiloza. Ndinadikira, ndikuvomera, ndinadikira ndithu kuti amayi anenepo kanthu.

Ananena patapita milungu ingapo, mwana atatuluka kale m'chikuta. Tinali awiri pakhonde, iwo akuyamwitsa, ine ndikusankha nyemba. Anayankhula maso ali pa mwana.

"Chitsulo cha kumanzere chija chimabaya m'nthiti. Ndipo chogwirira chili patali, munthu wamfupi sangachifike. Ukawauze amalume ako akonze mvula isanayambe."

"Mukufuna kudzakweranso, amayi?"

"Ine ayi. Koma ufa sukutha pakhomo pano pokha."

Tsiku limenelo ndinakhumudwa, ndinkati zikomo wake ndi ameneyu? Lero imvi zayamba kundituluka, ndipo ntchito yanga ndi yojambula ndi kuyesa makina ang'onoang'ono a alimi, mapampu othirira ndi zotongolera chimanga. Ndakhalamo m'misonkhano yambiri, m'mene opereka thandizo amafuna chinthu chooneka bwino pachithunzi, abwana amafuna chotsika mtengo, owotcherera amafuna chosavuta kupanga, koma munthu wodzachigwiritsa ntchito m'chipindamo mulibe, kapena alimo koma mwambo wamutseka pakamwa. Ndinaphunzira kumufunafuna munthu ameneyo, ndipo ngati sangandiuze yekha, ndimafunafuna womuperekeza. Ndinaphunziranso kusakhulupirira kwambiri oyamikira, poti munthu amayamikira ngakhale chimene sadzachikhudza. Koma wina akakuuza kuti chimabaya m'nthiti, ndiye kuti wachikhalira, wachiyesa ndi thupi lake, ndipo akufuna kuti mnzake adzachipeze chili bwino. Amayi sakanatha kundithokoza popanda kutchula zosatchulidwa, choncho anandipatsa ntchito.

Kangolo kaja kanapita kuchigayo zaka zambiri, ndipo panali maulendo ena amene wokwera ankabwerera patapita masiku awiri, atabereka kanthu kumsana. Mlongo wanga tsopano ndi bambo wa ana awiri. Akamacheza ndi anzake amakonda kudzitama kuti iye ndi wamwayi chibadwire, anabadwa mayi ake ali paulendo wokagayitsa chimanga. Ine ndikakhalapo ndimangovomera nawo. Sindinamuuzepo kuti ufa tsiku limenelo unali wodzaza ndowa.